Mafunso ndi mayankho: maphunziro apamwamba a ochiza uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo pakati pa asilikali akale a ku America

Mafunso ali m'munsimu amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anamwino, madokotala, ophunzira zaumoyo ndi achibale a anthu amene anagwirapo ntchito ya usilikali ku United States. Tayamba ndi ofunika kuwadziwa poyambirira, ndipo ozama ali kumapeto. Pamene yankho lina lafotokoza kale nkhani, tangokulozerani komweko.

VA ndi chiyani, ndipo ikukhudzana bwanji ndi kuphunzitsa anthu azaumoyo?

VA ndi unduna wa boma la America woona za asilikali akale, ndipo dzina lake lonse ndi Department of Veterans Affairs. Unayamba ngati nthambi ya boma mu 1930, n'kudzakhala unduna pawokha mu 1989. Uli ndi zipatala zikuluzikulu pafupifupi 170 ndi zipatala zing'onozing'ono zoposa 1,000, ndipo asilikali akale pafupifupi 9 miliyoni analembetsa kuti azilandira chithandizo kumeneko.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, asilikali anabwerera kwawo ochuluka kwambiri koma madokotala a m'zipatala za boma anali ochepa. Mu January 1946 akuluakulu a nthambiyi, motsogozedwa ndi General Omar Bradley, anagwirizanitsa zipatala zawo ndi masukulu a udokotala. Mgwirizanowo udakalipo: chipatala cha VA cha ku West Haven chimagwira ntchito ndi yunivesite ya Yale, cha ku Philadelphia ndi University of Pennsylvania, cha ku Seattle ndi University of Washington. Madokotala ambiri a ku America anadutsako m'chipatala cha VA pa nthawi ina ya maphunziro awo. Ofesi yoyang'anira zonsezi ndi Office of Academic Affiliations.

Nanga maphunziro amene tikunenawa ndi otani kwenikweni?

Dzina lake ndi Interprofessional Advanced Fellowship in Addiction Treatment. Ndi maphunziro a zaka ziwiri a munthu amene anamaliza kale sukulu ya ntchito yake. Salipira fizi, m'malo mwake amalandira malipiro, ndipo amakhala pachipatala cha VA chogwirizana ndi yunivesite. Nthawi yake yambiri imapita ku kafukufuku ndi kuphunzira, yotsalayo amaonana ndi odwala.

Amene amakhala pamodzi m'maphunzirowa ndi a ntchito zosiyana: dokotala, namwino, katswiri wa zamaganizo, wazamankhwala wa ku famase, ndi woona za chisamaliro cha anthu. Cholinga sikuti onsewa asanduke madokotala ayi. Aliyense amazama pa ntchito yake, koma amaphunzira kumva zimene mnzake akuona pa wodwala yemweyo, ndiponso kudzatsogolera ena akatuluka.

Bwanji osangophunzitsa madokotala okha, popeza ndiwo amalemba mankhwala?

Chifukwa munthu wokodwa mu mowa kapena mankhwala ozunguza bongo sabwera kuchipatala ndi vuto limodzi.

Tiyerekeze bambo wa zaka 41 amene anapita kunkhondo ku Iraq kawiri. Msana unavulala ndi katundu wolemera amene ankasenza, ndipo anapatsidwa mapiritsi opha ululu a gulu la opioid kwa zaka zingapo. Usiku sagona, amadzidzimuka ndi maloto a kunkhondo, choncho amamwa mowa kuti tulo tibwere. Banja linatha, akugona m'galimoto yake, ndipo ali ndi mlandu woyendetsa galimoto ataledzera. Dokotala akhoza kumulembera mankhwala abwino kwambiri Lolemba, koma munthu wogona m'galimoto adzawasunga kuti osabedwa, ndipo adzabwera bwanji Lachinayi mafuta atatha? Katswiri wa zamaganizo akhoza kuyamba kumuthandiza pa malotowo, koma bamboyu akamafika akunjenjemera ndi chibaba, palibe chimene chingalowe m'mutu. Woona za chisamaliro akhoza kumupezera nyumba, koma ululu wa msana ukapanda kuonedwa adzabwerera kwa wogulitsa mapiritsi mumsewu. Wazamankhwala ndi amene angazindikire kuti mapiritsi ogonetsa amene analembedwa ku dipatimenti ina, akaphatikizana ndi mowa ndi opioid, akhoza kumuimitsa kupuma ali m'tulo.

Kale anthu anayi amenewa ndi namwino ankaphunzira m'masukulu osiyana, aliyense ndi mawu ake a ntchito, ndipo wodwala ndiye ankayenda khomo ndi khomo kubwereza nkhani yake yowawayo. Ambiri ankatayika pakati pa khomo lachiwiri ndi lachitatu. Ife tikuona kuti apa ndiye pagona phindu lenileni la maphunzirowa, kuposa setifiketi iliyonse: kuti anthu asanuwo azolowere kukhala pa tebulo limodzi akadali ophunzira, aliyense asanaume mutu ndi njira zake.

Kodi asilikali akale amasiyana chiyani ndi odwala ena?

Matendawo ndi amodzimodzi, koma zobwera nawo limodzi ndiye zimachuluka. Ululu wosatha wa msana ndi mawondo ndi wofala kwambiri. Ena anavulala ubongo ndi kuphulika kwa mabomba, makamaka amene anapita ku Iraq ndi Afghanistan, ndipo amaiwala msanga kapena kupsa mtima msanga. Ena ali ndi PTSD, matenda a maganizo otsatira zoopsa zimene munthu anaona kapena kuchitiridwa, omwe anazindikiridwa mwalamulo ndi madokotala a ku America mu 1980 asilikali a ku Vietnam atalimbikira kuti vuto lawo limveke. Zoopsazo si za kunkhondo zokha: mwa amayi amene VA imawafunsa, pafupifupi mmodzi mwa atatu amanena kuti anachitiridwa nkhanza zokhudza kugonana ali pa usilikali, ndipo mwa abambo ndi pafupifupi mmodzi mwa 50.

Palinso chikhalidwe cha ku usilikali. Munthu anaphunzitsidwa kupirira, kusadandaula, ndi kusakhala mtolo kwa anzake. Kumwa limodzi chinali chizindikiro cha ubale. Fodya ankaikidwa m'mapaketi a chakudya cha asilikali mpaka 1975, ndipo zipatala za VA zinaletseratu kusuta pamalo ake onse mu October 2019. Wophunzira amene sanakhalepo msilikali ayenera kuphunzira kufunsa mafunso mosamunyazitsa munthu wotereyu. Apa amathandizidwa kwambiri ndi asilikali akale anzawo amene anachira ndipo VA inawalemba ntchito yoyenda ndi odwala.

Ndinamva kuti asilikali ambiri a ku Vietnam anasiya okha heroin atabwerera kwawo. Ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo nkhaniyi wophunzira aliyense wa gawoli amakumana nayo. Mu 1971 boma la pulezidenti Richard Nixon linachita mantha litamva kuti heroin wotchipa, mankhwala ozunguza bongo a gulu la opioid, wafala pakati pa asilikali ku Vietnam. Anakhazikitsa ofesi yapadera motsogozedwa ndi dokotala Jerome Jaffe, ndipo msilikali aliyense ankayezedwa mkodzo asanakwere ndege yobwerera kwawo. Wofufuza wina, Lee Robins wa ku Washington University ku St. Louis, anapatsidwa ntchito yowatsatira anyamatawo atafika kumudzi.

Zimene anapeza zinadabwitsa aliyense. Pafupifupi mmodzi mwa asanu ananena kuti anali atakodwa ali ku Vietnam. Koma mwa okodwawo, pafupifupi 5 pa 100 okha ndi amene anabwereranso m'chizolowezicho m'chaka choyamba, ndipo pofika zaka zitatu anali pafupifupi 12 pa 100. Pa nthawiyo anthu ankakhulupirira kuti wolawa heroin sangamusiye mpaka imfa.

Phunziro lake liyenera kutengedwa mosamala. Silikunena kuti chithandizo n'chosafunika. Likuonetsa kuti malo, anzake a munthu, mantha amene akukhala nawo ndi kupezeka kwa mankhwalawo zili ndi mphamvu yaikulu. Anyamata aja anachoka pamalo pamene heroin anali wotchipa ndi wamphamvu, n'kubwerera kwa makolo, kuntchito ndi kwa akazi awo. Msilikali wakale wa lero amene wakodwa ndi fentanyl, opioid wamphamvu kwambiri kuposa heroin, m'tauni yakwawo alibe ndege yoti akwere kuthawa malowo. N'chifukwa chake nyumba, ntchito ndi banja zimawerengedwa ngati mbali ya chithandizo, monga taonera pa funso la chifukwa chosaphunzitsira madokotala okha.

Ndani angalowe m'maphunzirowa? Nanga namwino kapena dokotala wochokera kunja kwa America?

Dokotala ayenera kukhala atamaliza maphunziro a ukatswiri wake, monga a matenda a maganizo kapena a matenda a akuluakulu, ndipo akhale ndi chiphaso chogwirira ntchito ku America. Katswiri wa zamaganizo amafunika digiri ya udokotala pa ntchito yake. Anamwino, azamankhwala ndi oona za chisamaliro amafunika madigiri apamwamba a ntchito zawo. Malo ndi ochepa, ndipo wofunsira amalembera chipatala chimene akufuna kukaphunzirako, kufotokoza funso limene akufuna kufufuza ndi mphunzitsi amene angamuyang'anire.

Popeza malipiro amachokera ku boma, kawirikawiri amafuna nzika ya America. Namwino wa ku Malawi kapena ku Zambia amene akugwira ntchito kwawo sangalembere mwachindunji. Amene anasamukira ku America, n'kupeza unzika ndi chiphaso cha kumeneko, amaonedwa ngati wina aliyense. Koma zambiri zimene amaphunzira sizobisika: malangizo a kachizidwe amene VA imalemba pamodzi ndi unduna wa zachitetezo, omwe anakonzedwanso mu 2021, aliyense akhoza kuwawerenga pa intaneti kwaulere.

Sabata ya wophunzira imayenda bwanji?

Zimasiyana malinga ndi chipatala ndi ntchito ya munthuyo. Tsiku limodzi kapena kuposerapo pang'ono amakhala ndi odwala: kukiliniki ya buprenorphine (mankhwala ochizira okodwa ndi opioid), m'gulu la uphungu, kapena m'mawodi kumene wodwala wagonekedwa ndi chiwindi kapena chibayo koma gwero lake ndi mowa. Amakhala nawo pa msonkhano wa gulu lonse lochiza, kumene wodwala mmodzi amakambidwa ndi anthu a ntchito zosiyana. Amakumana ndi mphunzitsi wake wa kafukufuku, ndipo amalumikizana pa kompyuta ndi ophunzira anzake a m'zipatala zina. Masiku otsalawo amawerenga, kusanthula ziwerengero, kulemba, ndi kuphunzitsa ophunzira aang'ono.

Ndi mankhwala ati amene amaphunzira kugwiritsa ntchito?

Pa opioid alipo atatu. Methadone ndi wakale, ndipo ku America amaperekedwa pochiza chizolowezi m'makiliniki ovomerezeka mwapadera okha. Buprenorphine anavomerezedwa mu 2002. Amaikidwa pansi pa lilime, ndipo kuyambira 2017 pali jakisoni wa pamwezi. Naltrexone amatseka malo amene opioid amagwira mu ubongo, koma munthu ayenera kukhala atasiyiratu kwa masiku angapo asanayambe.

Pa mowa pali naltrexone yemweyo, acamprosate, ndi disulfiram amene amadwalitsa munthu akamwa. Naltrexone ali ndi mbiri ya ku VA: kafukufuku wa Joseph Volpicelli ndi Charles O'Brien pa asilikali akale ku Philadelphia, wofalitsidwa mu 1992, ndi mmodzi mwa amene anachititsa kuti avomerezedwe pa uchidakwa mu 1994. Pa fodya pali zigamba ndi chingamu cha nicotine, bupropion ndi varenicline.

Kudziwa mayinawa n'kosavuta. Luso lili pa zinthu monga nthawi yoyambira buprenorphine. Mukamupereka munthu akadali ndi opioid wambiri m'thupi, amadwala mwadzidzidzi: kusanza, thukuta, kupweteka mafupa, ndipo wodwala woteroyo nthawi zambiri sabweranso. Fentanyl wavutitsa kwambiri nkhaniyi chifukwa amakhalitsa m'thupi la womugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Palinso naloxone, wopopera m'mphuno kuti adzutse munthu amene wasiya kupuma chifukwa cha opioid. VA inayamba kumugawa m'dziko lonse mu 2014, ndipo wophunzira amaphunzitsa mkazi kapena mwana wa wodwala kupopera m'mphuno, kuimba 911 (nambala ya zadzidzidzi ku America), ndi kusamusiya yekha munthuyo, chifukwa mphamvu ya naloxone ikhoza kutha opioid asanathe.

Kupereka methadone kapena buprenorphine si kungosinthanitsa mankhwala ozunguza bongo ndi ena?

Funsoli limachokera kwa achibale, kwa odwala eniake, ndipo nthawi zina kwa azaumoyo. Yankho ndi lakuti ayi. N'zoona kuti thupi limawazolowera mankhwalawa, ndipo wosiya mwadzidzidzi amadwala. Koma kukodwa si kuzolowera kwa thupi kokha. Buku la madokotala a zamaganizo la DSM-5, la mu 2013, lili ndi zizindikiro 11, ndipo zambiri mwa izo zikunena za kulephera kudziletsa, kutaya ntchito ndi banja, ndi kupitiriza ngakhale munthu akuona kuti akuwonongeka. Munthu amene ali pa mlingo woyenera wa buprenorphine saledzera, amadzuka m'mawa n'kupita kuntchito, ndipo tsiku lake silithera kusakasaka.

Chachikulu n'chakuti mankhwala awiriwa amachepetsa imfa ndi pafupifupi theka. Kungomugoneka munthu sabata imodzi kuti thupi liyere, kenako n'kumutulutsa wopanda mankhwala, n'koopsa: thupi limakhala litaiwala mlingo wakale, ndipo akabwerera kamodzi kokha akhoza kufa. M'zaka za 2021 mpaka 2023 anthu oposa 100,000 ankafa chaka chilichonse ku America chifukwa chopyola mlingo wa mankhwala, ambiri ndi fentanyl. Pa nthawi ngati imeneyo, kumukaniza wodwala mankhwala othandiza chifukwa cha maganizo athu pa za kudziletsa ndi kulakwa kwakukulu.

Ngati mankhwala alipo, vuto lili pati?

Vuto ndi lakuti safika kwa odwala. Kwa zaka 20 dokotala wofuna kulemba buprenorphine ankafunika chilolezo chapadera, ndipo chiwerengero cha odwala ake chinali ndi malire. Lamulolo linachotsedwa kumapeto kwa 2022, koma madokotala ambiri sanayambebe kulemba, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa alibe namwino wowathandiza kutsatira odwala. Pa mowa zinthu n'zoipirapo: odwala ochepa kwambiri ndi amene amapatsidwa mankhwala ngakhale akhalapo kwa zaka makumi atatu.

Mu 2018 VA inayambitsa ntchito yotchedwa SCOUTT, yophunzitsa magulu a m'makiliniki wamba, a ululu ndi a zamaganizo kuti azichiza okha vuto la opioid m'malo motumiza aliyense kwa akatswiri. Wodwala amene amachita manyazi kulowa pakhomo lolembedwa za mankhwala ozunguza bongo savutika kukaonana ndi dokotala wake wa BP ndi shuga. Ntchito ngati imeneyi imafuna anthu odziwa kuchiza, kuphunzitsa ndi kuyeza ngati zasintha, ndipo anthu otero ndi amene maphunzirowa akufuna kutulutsa.

Nanga cocaine ndi methamphetamine, amene alibe mankhwala ovomerezeka?

Njira imene yaonetsa mphamvu kwambiri ndi yopereka mphoto, ndipo VA inayamba kuifalitsa m'zipatala zake mu 2011. Imayenda chonchi. Wodwala amabwera kawiri pa sabata kwa masabata 12 n'kupereka mkodzo, ndipo zotsatira zimatuluka pomwepo. Mkodzo ukakhala woyera, amapisa dzanja m'mbale yagalasi momwe muli timapepala 500 topindapinda. Theka la timapepalato tangolembedwa mawu omuyamikira. Tambiri mwa totsalato ndi ta dola imodzi, tina ta madola 20, ndipo kamodzi kokha ndi ka madola 100. Mphotoyo si ndalama yapamanja koma makuponi ogulira zinthu m'sitolo ya m'chipatala momwemo. Akabweranso ali woyera amatola kawiri, kenako katatu, kumakwera choncho. Akapezeka ndi mankhwala palibe womukalipira, koma tsiku limenelo satola, ndipo ulendo wotsatira amayambiranso pa kamodzi.

Ena amati ichi n'chiphuphu, kulipira munthu kuti achite zimene anayenera kuchita kale. Koma taganizirani mmene mankhwalawa amagwirira: amapereka chisangalalo pompopompo, pamene phindu losiya limadzaoneka patapita miyezi. Kapepala ka m'mbale kamabweretsa phindulo pafupi, lero lomwe, mpaka munthu atayamba kuona phindu lenileni monga tulo, chilakolako cha chakudya ndi mwana wake kuyambanso kuyankha foni. M'zaka zoyambirira za ntchitoyi ku VA, mikodzo yoposa 90 pa 100 imene inayezedwa inali yoyera. Njirayi inakonzedwa ndi katswiri wa zamaganizo Nancy Petry wa ku Connecticut, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha chithandizo champhamvu chimene sichifuna dokotala kuti achipereke.

Mowa amauona bwanji, popeza ndi wololedwa ndipo anthu ambiri amamwa?

Mowa ndiye vuto lofala kuposa mankhwala ena onse pakati pa asilikali akale, kupatula fodya. VA imafunsa wodwala aliyense kamodzi pachaka mafunso atatu otchedwa AUDIT-C: mumamwa kangati, mumamwa zingati pa tsiku limene mwamwa, ndipo ndi kangati pamene mumamwa zambiri nthawi imodzi. Mafunsowa anadulidwa kuchokera pa mafunso 10 a World Health Organization, ndipo ofufuza a VA ku Seattle ndi amene anaonetsa mu 1998 kuti atatuwo ndi okwanira kupeza omwa mowa mowononga. Mapointi amachokera pa 0 mpaka 12, ndipo ofika pa 5 amayenera kulandira uphungu wachidule pomwepo.

Chimene ophunzira amachenjezedwa kwambiri n'chakuti kusiya mowa mwadzidzidzi kukhoza kupha. Womwa kwambiri tsiku ndi tsiku akangosiya akhoza kukomoka ngati wakhunyu, kapena kusokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Wotereyu amafunika mankhwala ndi vitamini wa thiamine, ndipo nthawi zina kugonekedwa.

Wodwala ali ndi PTSD komanso amamwa. Choyamba kuchiza n'chiti?

Kale ankati asiye kaye mowa kwa miyezi ingapo, kenako adzakambe za kunkhondo, poopa kuti kukumbutsa zowawa kumubwezera ku botolo. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni: munthu amamwa chifukwa cha maloto, ndipo ankauzidwa kuti malotowo adzaonedwa akadzasiya kumwa. Ambiri sanafike pa tsikulo.

Kafukufuku waonetsa kuti zonse ziwiri zikhoza kuchizidwa nthawi imodzi popanda kuonjezera kumwa. Njira zodalirika za PTSD ku VA ndi Prolonged Exposure, kumene wodwala amafotokoza chochitikacho mobwerezabwereza mpaka mantha atachepa, ndi Cognitive Processing Therapy, yomwe imalimbana ndi maganizo monga akuti imfa ya mnzanga inali mlandu wanga. Pali njira yotchedwa COPE yophatikiza yoyambayo ndi uphungu wa chizolowezi. Pa fodya zinaonekanso chimodzimodzi: kafukufuku wa Miles McFall wa mu 2010, pa asilikali akale 943, anapeza kuti amene anathandizidwa kusiya fodya ndi mlangizi wawo wa PTSD yemweyo anasiya ochuluka pafupifupi kawiri kuposa otumizidwa ku kiliniki ina.

Nanga ululu? Kodi VA inangosiya kupereka opioid?

Sinasiye, koma inachepetsa kwambiri kuyambira 2013 pamene inayambitsa Opioid Safety Initiative, ntchito yoonetsetsa kuti mankhwalawa akuperekedwa mosamala. Umboni wamphamvu unachokera ku VA ya ku Minneapolis, kumene Erin Krebs ndi anzake anatsatira odwala 240 a ululu wosatha wa msana, chiuno ndi mawondo kwa chaka chathunthu. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti opatsidwa opioid sanachite bwino kuposa opatsidwa mankhwala ena opha ululu, ndipo anali ndi zovuta zambiri zobwera ndi mankhwala.

Koma pali mbali ina imene siyenera kubisidwa. Kusayambitsa opioid kwa wodwala watsopano ndi nkhani ina, kumuchotsera amene wamwa zaka khumi ndi nkhani inanso. Kafukufuku wa m'mabuku a odwala a VA, wofalitsidwa mu 2020, anapeza kuti amene anasiyitsidwa anali pa chiopsezo chachikulu chofa ndi mankhwala opyola mlingo kapena kudzipha, makamaka m'miyezi yoyambirira. Ena anapita kukagula mumsewu kumene mapiritsi ambiri ndi abodza, odzaza fentanyl. Choncho wophunzira amaphunzitsidwa kutsitsa mlingo pang'onopang'ono mogwirizana ndi wodwala, kumuona pafupipafupi, kumupatsa naloxone, ndi kuika china m'malo mwake, monga mafizo ndi uphungu wa kukhala ndi ululu. Nthawi zina yankho ndi kumusamutsira pa buprenorphine, amene amathandiza ululu ndi chibaba pamodzi.

Amachita kafukufuku wotani?

Mwayi waukulu wa VA ndi mabuku ake a odwala, amene akhala pa kompyuta kwa zaka zambiri ndipo ali ndi mbiri ya anthu mamiliyoni. Wophunzira akhoza kufunsa kuti ndi odwala angati amene amasiya buprenorphine m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndipo ndi otani, kapena ngati asilikali akuda ndi azungu akupatsidwa mankhwala mofanana. Palinso Million Veteran Program, imene inayamba mu 2011 kusonkhanitsa magazi ndi mbiri ya zaumoyo ya odzipereka, ndipo inakwanitsa anthu 1 miliyoni mu 2023. Yathandiza kufufuza za chibadwa pa uchidakwa ndi opioid.

Ambiri komabe amasankha mafunso apafupi ndi kiliniki: chifukwa chiyani njira yotsimikizika sikugwiritsidwa ntchito pachipatala chino, ndipo chingasinthe n'chiyani? Amacheza ndi anamwino ndi odwala, kuyesa kusintha kamodzi, n'kuyeza. Mwambo umenewu ndi wakale ku VA. Addiction Severity Index, mafunso amene Thomas McLellan ndi anzake anakonza ku Philadelphia mu 1980, safunsa za mankhwala okha koma za thanzi, ntchito, milandu, banja ndi maganizo, ndipo anamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Philadelphia ndi Seattle ndi kumenenso kuli malo awiri a VA otsogolera pa kuchiza ndi kuphunzitsa za chizolowezi.

Nyumba ndi milandu zimalowa bwanji m'maphunziro azaumoyo?

Kudzera mwa oona za chisamaliro, ndipo ena onse amaphunzira kwa iwo. Pulogalamu ya HUD-VASH imapereka thandizo la lendi pamodzi ndi munthu woyendera wodwala, ndipo mfundo yake ndi yakuti nyumba iyambe, osadikira kuti munthu asiye kaye kumwa. Pa milandu, woweruza Robert Russell wa ku Buffalo anayambitsa khoti lapadera la asilikali akale mu 2008, kumene wolakwa amatha kulandira chithandizo moyang'aniridwa ndi khoti m'malo mopita kundende. Makhoti otere tsopano ali mazanamazana, ndipo VA ili ndi antchito olumikiza makhotiwo ndi zipatala.

Nanga asilikali akale okhala kumidzi?

Pafupifupi mmodzi mwa anayi amakhala kumidzi, ena maola angapo kuchokera pachipatala chachikulu. Ambiri tsopano amaonana ndi dokotala pa kanema wa pafoni, ndipo mankhwala amatumizidwa pa positi. Akatswiri amaphunzitsanso azaumoyo a m'makiliniki akutali pokambirana nawo odwala enieni pa kanema, njira imene inayambira ku New Mexico mu 2003 pa matenda a chiwindi.

Akamaliza amapita kuti? Kodi amalandira chiphaso cha ukatswiri?

Ena amatsala ku VA kutsogolera makiliniki, ena amakhala aphunzitsi m'mayunivesite, ena amapitiriza kafukufuku ndi ndalama zopikisanirana. Maphunzirowa asasokonezedwe ndi a chaka chimodzi amene dokotala amachita kuti alembe mayeso a ukatswiri wa Addiction Psychiatry kapena Addiction Medicine. Amenewo ndi a madokotala okha ndipo nthawi yake yambiri ndi ya odwala. Dokotala wofuna zonse ziwiri afunse chipatala chimene akulembera mmene angazilumikizire asanasankhe.

M'bale wanga ndi msilikali wakale ku America ndipo akuvutika. Tiyambire pati?

Ngati ali pangozi lero, monga kulankhula zodzipha, imbani 988 kenako dinani 1. Imeneyo ndi nambala ya Veterans Crisis Line, imayankhidwa usana ndi usiku, ndipo wachibale akhoza kuimba m'malo mwake ngakhale msilikaliyo sanalembetse ku VA. Ngati wakomoka kapena sakupuma bwino, imbani 911 ndi kumupopera naloxone, amene kuyambira 2023 amagulidwa m'famase popanda kalata ya dokotala.

Ngati si zadzidzidzi, apite kwa dokotala wake wanthawi zonse ku VA akanene mosabisa zimene akumwa ndi kuchuluka kwake, ndipo afunse mwachindunji za mankhwala amene tatchula pa funso la mankhwala. Amene safuna kulowa m'chipatala akhoza kuyambira ku Vet Center, malo a uphungu amene ali m'matauni kunja kwa zipatala kuyambira 1979, kumene alangizi ambiri ndi asilikali akale okhaokha. Ngati amamwa mowa wambiri tsiku lililonse, musamukakamize kusiya lero lomwe ali kunyumba. Werengani kaye yankho la mowa pamwambapa, ndipo mupite naye limodzi kuchipatala.